Kukonza nyumba yakale ku Zomba kuti ikhale ya lendi

Ndine mmisiri womanga nyumba kuno ku Zomba, ndipo ntchito imene ikundipeza kawirikawiri masiku ano ndi ya anthu amene ali ndi nyumba kapena sitolo yakale, ya masiye kaya yogula, ndipo akufuna kuigawa zipinda zochititsa lendi. Ofuna pogona alipo ndithu. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma sukulu zinatsala, ndipo ophunzira a University of Malawi osowa malo pasukulu amadzaza ku Chikanda ndi ku Matawale. Eni nyumba ambiri amafika ataganiza kale zogwetsa. Ine ndimawaletsa kaye, chifukwa khoma lochindikala la njerwa zowotcha, ngati madzi sanalidye, simungalimangenso ndi mtengo wa simenti wa lero.

Yambani ndi mapepala. Dziwani kuti malowo ali pansi pa ndani, kaya Unduna wa Zamalo, khonsolo ya mzinda kapena Malawi Housing Corporation, komanso kuti zikalata zili m'dzina la yani. Ngati ndi ya masiye, abale agwirizane musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti. Kusandutsa sitolo kukhala nyumba yogonamo, kapena kuwonjezera zipinda, kumafuna chilolezo cha khonsolo, choncho pitani ndi pulani yojambulidwa bwino. Nyumba zina za nthawi ya atsamunda ndi zotetezedwa ndi lamulo la zinthu zakale. Nyumba yotere musaikhudze musanafunse.

Kenako tsatani madzi, pakuti ndiwo amapha nyumba kuno kumunsi kwa phiri. Ngati mungathe, kaiyendereni m'dzinja, mvula itangokata. Onani kumene madzi a padenga akugwera ndi kumene a kumtunda akudutsa. Nyumba zambiri zakale njerwa zake anazimanga ndi dothi, ndipo pansi pa khoma sanaikepo chotchinga chinyontho. Mukaona penti akusupuka chakumunsi, kapena zoyera ngati mchere pa njerwa, khomalo likumwa madzi kuchokera pansi. Gogodani pulasitala ndi chigwiriro cha hamala: pamene pakumveka mphako, pasiyana kale ndi njerwa. Mankhwala oyamba a chinyonthochi ali panja: kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba, chotsani dothi limene launjikana m'mbali mwa khoma, ndipo mangani khonde lotsetsereka kuti madzi azithawa. Chonde, musathamangire kumata khoma lonyowa ndi simenti wolimba. Chinyonthocho chimasowa potulukira n'kukwera m'mwamba. Gumulani pulasitala wowolayo, khoma liume m'chilimwe, kenako mumate ndi matope a mchenga osakaniza ndi laimu.

Ming'alu si yofanana. Yaing'ono ya papulasitala pokha isakudetseni nkhawa. Woopsa ndi umene ukutsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wokula kumwamba kapena kumunsi, makamaka pangodya. Matanipo kasimenti pang'ono kodutsa pamng'alupo, mulembe tsiku pambali pake. Kakasweka pakapita miyezi ingapo, maziko akuyendabe, ndipo apo pamafunika injiniya asanapitirize mmisiri. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023, nyumba iliyonse ya pamtsetse kapena ya kufupi ndi mtsinje wa Likangala ndimayamba kuiyesa chonchi.

Kwerani m'siling'i ndi tochi ndi msomali wautali. Bayani phaso lililonse pamene lakhala pakhoma. Chiswe chimadya m'kati n'kusiya kunja kukuoneka bwino, ndiye msomali ukalowa mosavuta, thabwalo lichoke. Denga likakhala la asbestos (malata otuwa ooneka ngati a simenti), ngati la nyumba zina zakale za boma, musalole anyamata kulidula kapena kuliphwanya. Fumbi lake limawononga mapapo.

Pogawa zipinda, samalani ndi makoma a m'kati. Ena ndi amene anyamula denga. Mukafuna kuboola khomo latsopano, lintel (mtanda wonyamula njerwa za pamwamba pa khomo) ilowe kaye, njerwa zichotsedwe pambuyo. Makoma ogawira zipinda ndimakonda kumanga ndi mabuloko a simenti opyapyala, chifukwa samalemetsa pansi ndiponso sitimaliza nawo mitengo powotcha njerwa. Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona chipinda chopanda windo akugonekamo ana a eni anayi. Chipinda chilichonse chikhale ndi windo lotsegukira panja. Ndi bwino kutaya chipinda chimodzi n'kupeza njira yotulukira moto utabuka.

Dzenje la zonyansa limene linakumbidwira banja limodzi silingakwanire anthu khumi ndi awiri. Likulitseni, muwonjezere chimbudzi ndi bafa, ndipo muike thanki ya madzi yothandiza mipope ikauma. Mawaya akale onse achoke, ndipo ntchitoyo igwiridwe ndi wamagetsi wa chiphaso, poti ophunzira amaphikira pa hot plate m'zipinda. Mukakwanitsa, pemphani ku ESCOM mita ya mbali iliyonse, mikangano ya mayunitsi ichepe.

Ndalama zikaperewera, konzani denga, ngalande ndi chimbudzi, mumalize zipinda ziwiri zokha n'kulowetsamo anthu. Lendi ya zimenezo ndi imene igule penti ndi matailosi a zipinda zotsalazo.