Zoyenera kuchita munthu akakomoka ndi heroin kapena mankhwala a gulu lake

Heroin, morphine, fentanyl, tramadol ndi codeine ndi mankhwala a gulu limodzi lotchedwa opioid, ndipo kaphedwe kake n'kamodzi. Amafooketsa mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma, moti munthu amayamba kupuma motalikitsa mpaka kulekeratu. Lipoti la 2024 la UNODC, nthambi ya United Nations yoona za mankhwala osokoneza bongo ndi umbanda, linasonyeza kuti anthu pafupifupi 60 miliyoni padziko lonse ankagwiritsa ntchito mankhwalawa molakwika m'chaka cha 2022, pamene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2019 anthu pafupifupi 125,000 anamwalira atawagwiritsa ntchito mopyola muyezo. Nthawi zambiri anthu otere sakomokera kwaokha, koma pamaso pa anzawo kapena achibale, amene angathe kuyesa kuti munthuyo wangogona.

Choyamba tsono ndi kusiyanitsa tulo ndi kukomoka. Muitaneni mokweza, mumugwedeze mapewa, ndipo akapanda kuyankha, mutikite mwamphamvu fupa la pakati pa chifuwa ndi mfundo za zala zanu, chifukwa woledzera wamba amadzidzimuka ndi ululu umenewo. Kenako mutsegule chikope chake. Kadontho kakuda ka pakati pa diso kakakhala kakang'ono ngati nsonga ya singano, milomo ndi zikhadabo zitayamba kutuwa kapena kuchita bii, khungu lili zii ndiponso lonyowa, dziwani kuti mpweya sukufika bwino m'thupi. Chimene chimapusitsa anthu kwambiri ndi mkonono. Phokoso lokokera la kummero limamveka ngati la munthu amene ali m'tulo tofa nato, chikhalirecho ndi la munthu amene akubanika.

Mukaona zimenezi itanani ambulansi kapena pezani galimoto yopita kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo azachipatala muwauze zoona za chimene munthuyo wamwa, wasuta kapena wadzibaya. Manyazi ndi mantha a milandu zimachedwetsa anthu ambiri, komatu ubongo umayamba kuwonongeka pakangopita mphindi zochepa usakulandira mpweya.

Podikira thandizo, ntchito yanu yaikulu ndi kumupumira. Mugonekeni chagada pamalo olimba, muchotse chilichonse chooneka m'kamwa, mupendeketse mutu chakumbuyo potukula chibwano, mutsine mphuno, kenako muuzire mpweya m'kamwa mwake kawiri mukuyang'ana ngati chifuwa chikutukuka. Pitirizani kuuzira kamodzi pa masekondi 5 aliwonse. Ngati sakupuma n'komwe ndipo sakusonyeza chizindikiro chilichonse cha moyo, yambani kudinikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi manja onse awiri, ka 100 mpaka 120 pa mphindi.

Pali mankhwala otchedwa naloxone amene amachotsa opioid pamalo pamene yamatirira mu ubongo, ndipo amaperekedwa ngati jakisoni wa pamnofu kapena opopera m'mphuno. Mu 2014 WHO inalangiza kuti mankhwalawa azipezeka kwa aliyense amene angathe kukumana ndi munthu wokomoka motere, osati kwa madokotala okha. Ngati muli nawo, aperekeni msanga, ndipo pakatha mphindi 2 kapena 3 munthu asanasinthe, perekaninso. Fentanyl, amene mphamvu yake imaposa ya heroin pafupifupi ka 50 ndipo ogulitsa amamusakaniza mobisa m'mankhwala ena, nthawi zina amafuna naloxone wobwereza. Musaope kulakwitsa, pakuti ngakhale munthuyo atakhala kuti wakomoka ndi cocaine kapena mowa, naloxone samuvulaza, kungoti samuthandizanso.

Zomumwetsa mkaka kapena khofi, kumusanzitsa, kumuviika m'madzi ozizira ndi kumumenya mbama n'zongotaya nthawi, ndipo zina n'zoopsa, chifukwa wokomoka samatha kumeza, chakumwacho chimalowera m'mapapo. Akayamba kupuma yekha, mugonekeni cham'mbali, bondo la pamwamba litapindidwa ndipo nkhope itaweramira pansi pang'ono, kuti akasanza asatsamwe.

Kutsitsimuka sikutanthauza kuti ngozi yatha. Mphamvu ya naloxone imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90, pamene mankhwala amene ali m'thupi angathe kukhalitsa kuposa apo, choncho munthu akhoza kukomokanso. Nthawi zambiri amadzuka ali wolusa, akutuluka thukuta, m'mimba mukupota, chibaba chitamugwira, ndipo amafuna kudzibayanso kuti ululuwo uleke. Musamulole kutero, musamusiye yekha, ndipo apitebe kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino.

Kumeneko funsani za chithandizo cha methadone kapena buprenorphine, mankhwala amene amachepetsa chibaba ndiponso chiopsezo cha imfa. Achibale akhale tcheru makamaka pa masabata oyambirira munthu atatuluka m'ndende kapena kumalo othandizira kusiya mankhwala, chifukwa thupi limakhala litasiya kuzolowera, moti muyezo umene ankaupirira kale ungathe kumupha, makamaka akauphatikiza ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa monga diazepam.