Kubwerera ku tizidole ta Warhammer mutapuma pa ntchito

Nditapuma pa ntchito kuno ku Nottingham, ndinatulutsa bokosi lomwe linakhala kunsi kwa bedi zaka zambiri, la tiasilikali ta Warhammer, tizidole ta masewera a nkhondo a patebulo tomwe munthu amapenta yekha. Penti yopakira tizidoleti inali itauma gwa. Ngati yanunso yatero, musalimbane nayo. Gulani mitundu 6 yokha ya penti ya acrylic (yosungunula ndi madzi), ndi yokwanira poyambira.

Chomwe chasintha kwambiri ndi msinkhu ndi maso. Kachidole ka mamilimita 28 sikaonekanso bwino, choncho pezani nyale yowala ngati masana ndi magalasi okulitsa zinthu. Manja akamanjenjemera, matani kachidoleko pa chitsekerero cha botolo, tsamizani zigongono patebulo, zikhatho zigundane.

Yambani ndi primer, penti yoyamba yothandiza kuti inayo igwire, kenako sungunulani penti ndi timadzi. Kupaka mopyapyala kawiri kumaposa kupaka mochindikala kamodzi, chifukwa penti yokhuthala imakwirira nkhope ndi makwinya a zovala. Ikauma, pakani shade, penti yamadzimadzi yodera, kuti ilowe m'makwinyamo. Apa m'pamene kamsilikali kamaoneka ngati kamoyo, ndipo ine mtima umangoti myaa.

Tomwe munapenta kale molakwika, tiviikeni mu isopropyl alcohol, mankhwala amadzimadzi ofewetsa penti, mutikweche ndi mswachi wakale. Ine ndimapenta ola limodzi m'mawa, khosi lisanayambe kuwawa.