Momwe mungakhazikitsire subordinate CA pa Windows Server osagwa m'mbuna ya CRL

Kampani ikakula, Wi-Fi ya antchito, VPN ndi masamba a m'kati zimayamba kufuna masatifiketi, ziphaso za pa kompyuta zotsimikizira kuti munthu kapena seva ndi yeniyeni, ndipo pamenepo pamafunika chidindo chanuchanu, chimene chimatchedwa CA (Certificate Authority). Pa Windows Server ntchitoyi ndi ya Active Directory Certificate Services. Root CA ili ngati mfumu yaikulu: imadinda kamodzi n'kulowa m'nyumba. Subordinate CA ndi nyakwawa amene anthu amamugogodera tsiku ndi tsiku. Kiyi wachinsinsi amene nyakwawa amasayinira masatifiketi akabedwa, mfumu imamuchotsa n'kuikapo wina, koma akabedwa wa root ndiye kuti zonse zayambiranso. N'chifukwa chake root imakhala yozimitsa, kunja kwa domain (gulu la makompyuta a kampani oyendetsedwa ndi Active Directory), yopanda waya wa netiweki. Pano ndikutenga kuti root yotereyi muli nayo kale.

Musathamangire seva yatsopano, yambani mwayatsa root. Satifiketi iliyonse imene root isayine imanyamula maadiresi awiri: CDP, kumene makompyuta amakatenga CRL, mndandanda wa masatifiketi othetsedwa, ndi AIA, kumene amakatenga satifiketi ya root. Ikasayinidwa, maadiresiwa sasinthikanso. Tsegulani certsrv.msc, pitani pa Properties kenako Extensions, muikemo adiresi ya HTTP imene kompyuta iliyonse ingaifikire, monga http://pki.kampaniyanu.mw/pki/ yotsatiridwa ndi dzina la fayilo, ndipo muchonge kuti izilowa m'masatifiketi otuluka.

Mukadali pomwepo konzani nthawi. Root ya mtundu wa standalone imapereka satifiketi ya chaka chimodzi chokha mukapanda kuiuza zina, ndipo CRL yake imakhala ya sabata imodzi. Kompyuta yokhala m'kabati siingakwanitse zimenezi. Lembani:

certutil -setreg CA\ValidityPeriod "Years"
certutil -setreg CA\ValidityPeriodUnits 5
certutil -setreg CA\CRLPeriod "Months"
certutil -setreg CA\CRLPeriodUnits 6

Zimitsani certsvc, service ya CA, n'kuiyatsanso, kenako lembani certutil -crl. Mafayilo a .crt ndi .crl muwapeza mu C:\Windows\System32\CertSrv\CertEnroll. Akopereni pa fulashi yogula yatsopano, osati ija imayenda m'makompyuta a ofesi yonse, mukawaike pa seva ya IIS (seva ya masamba ya Windows) imene adiresi ija ikuloza.

Tsopano seva ya subordinate. Ipatseni dzina lomwe simudzanong'oneza nalo bondo ndipo muilowetse mu domain, chifukwa CA ikakhazikika simungasinthenso dzina kapena domain. Isakhale domain controller, seva yoyendetsa domain. Lowani ndi akaunti ya m'gulu la Enterprise Admins, mulembe certutil -dspublish -f root.crt RootCA kuti makompyuta onse a mu domain ayambe kukhulupirira root yanu.

Musanaike china chilichonse, pangani fayilo ya CAPolicy.inf mu C:\Windows, ndipo pansi pa [Certsrv_Server] mulembe LoadDefaultTemplates=0. Kamzere kameneka kamaletsa CA kuyamba kugawa masatifiketi ikangodzuka, musanaone kuti ndani akuloledwa kupempha chiyani. Mu 2021 akatswiri a SpecterOps anaonetsa kuti template, chikombole chonena mtundu wa satifiketi ndi amene angaipemphe, ikaikidwa mosasamala ingathe kumpatsa wantchito wamba mphamvu za domain admin. Ine ndimawonjezera ma template m'modzim'modzi, nditawerenga zilolezo zake.

Mu PowerShell lembani Install-WindowsFeature ADCS-Cert-Authority -IncludeManagementTools, kenako mu Server Manager dinani kambendera kachikasu kuti mumalizitse. Sankhani Enterprise CA, Subordinate CA, kiyi watsopano wa RSA 2048 kapena 4096, ndi SHA256. SHA-1 isiyeni, ma browser akuluakulu anasiya kuikhulupirira mu 2017. Ikafunsa kumene pempho lipite, sankhani kulisunga mu fayilo ya .req. Idzakuchenjezani kuti ntchito sinathe. Musadandaule, ikudikira chidindo cha mfumu.

Pitani nayo fayiloyo ku root pa fulashi. Lembani certreq -submit ndi dzina la fayilo, musunge nambala ya RequestId imene ituluke. Mu certsrv.msc muipeza pa Pending Requests, dinani Issue, kenako certreq -retrieve, nambala ija ndi dzina ngati subca.crt. Musanazimitse root, itseguleni satifiketiyo pa Details muwerenge ndi maso anu: zaka zili 5? Adiresi ya CDP ndi ija ya HTTP? Ngati pali cholakwika, konzani pompano musayinenso.

Mukabwerera ku subordinate, lembani certutil -installcert subca.crt, muyatse service. Apa ndi pamene ambiri amaona nambala 0x80092013, kutanthauza kuti seva yalephera kupeza CRL ya root. Pa intaneti mupeza malangizo oti muyatse CRLF_REVCHECK_IGNORE_OFFLINE. Chonde musatero, kumeneko n'kuphimba bala ndi nsanza. Seva idzadzuka, koma makompyuta a antchito adzakanabe masatifiketi ake. Lembani adiresi ya CRL mu browser pa seva yomweyo: ngati fayilo sikutsika, vuto lili pa DNS, firewall kapena IIS. Kumbukiraninso kuti dzina la delta CRL ya subordinate, kamndandanda ka masatifiketi ongothetsedwa kumene, limakhala ndi chizindikiro cha +, chimene IIS imakana mpaka mutalola double escaping pa Request Filtering.

Kenako tsegulani pkiview.msc. Mzere uliwonse uzionetsa OK. Sungani kiyi ndi database polemba Backup-CARoleService, muziike malo okiyidwa, kutali ndi seva.

Chatsala ndi kalendala, ndipo ichi ndinachiphunzira mowawa. Pa ofesi ina imene ndinkathandiza, Lolemba lina m'mawa ndinapeza anthu ataima m'khonde, malaputopu ali m'manja, Wi-Fi ikuwakana onse. Palibe chimene chinawonongeka. CRL ya root inali itatha Loweruka, ndipo amene ankasunga pasiwedi ya kompyuta ya m'kabati ija anali ku maliro kumudzi. Choncho lero lomwe, lembani tsiku la mwezi umodzi CRL isanathe, pa kalendala ya anthu osachepera awiri, ndipo onsewo adziwe kumene kuli kiyi wa kabati. Tsikulo mudzayatse root, mulembe certutil -crl, mukopere fayilo yatsopano ku IIS, muone pkiview.msc, n'kuizimitsanso.