Momwe mungatetezere maselo a thupi pogwiritsa ntchito ma antioxidant a m'chakudya

Nsinjiro zikakhalitsa m'chitini zimasintha fungo ndipo zimawawa m'kamwa, chifukwa mafuta a mtedza amakhala atawonongeka pokumana ndi mpweya wa okosijeni. Ngozi yomweyi ili m'thupi mwathu, pakuti kachikopa kopyapyala kokuta selo iliyonse n'kopangidwa ndi mafuta. Maselo akamatulutsa mphamvu m'chakudya pogwiritsa ntchito okosijeni, pamatsalira tizinthu totchedwa ma free radical, tomwe timakhala ndi elekitironi (kanthu kakang'ono kwambiri kamagetsi komwe nthawi zambiri kamakhala ndi kanzake) imodzi yopanda inzake. Kanthu kotereka sikakhazikika. Kamalanda elekitironi ku mafuta, ku mapuloteni kapena ku DNA, cholandidwacho n'kukalandanso china, mpaka kuwonongekako kufalikira ngati moto wolusa m'tchire. Antioxidant ndi chinthu chomwe chimapereka elekitironi yosowayo mosasanduka choopsa, motero chimadula mzere wolandanawo. Vitamini E amagwira ntchitoyi mkati mwa mafuta a kachikopa ka selo, ndipo akatha mphamvu, vitamini C yemwe amakhala m'madzi a thupi amamubwezeretsa kuti agwirenso ntchito.

Yambani ndi kudyetsa chitetezo chomwe thupi limadzipangira lokha, chifukwa ndicho chachikulu. M'chaka cha 1969, Joe McCord ndi Irwin Fridovich a pa yunivesite ya Duke ku America anapeza ntchito ya enzyme (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi) yotchedwa superoxide dismutase, yomwe imasandutsa free radical yofala kwambiri m'maselo kukhala hydrogen peroxide. Kenaka catalase ndi glutathione peroxidase zimaphwanya hydrogen peroxide kuti isanduke madzi. Ma enzyme onsewa amadalira michere ya m'zakudya: yoyamba imafuna kopa ndi zinki kapena manganizi, catalase imafuna ayironi, pamene glutathione peroxidase siyenda popanda selenium. Apa pali nkhawa yeniyeni kwathu kuno, popeza kafukufuku anaonetsa kuti chimanga cholimidwa m'madera ambiri a Malawi chili ndi selenium wochepa kwambiri chifukwa cha mtundu wa nthaka, kupatula m'malo ena monga mbali zina za chigwa cha Shire. Banja lodalira nsima ndi masamba okha liyesetse kupeza usipa, matemba, mazira ndi nyemba kangapo pa sabata, ndipo tinsomba tating'onoti tidyedwe tathunthu, mutu ndi minga yomwe.

Chachiwiri ndi kusankha mitundu yosiyanasiyana pamsika kapena kudimba. Mbatata yofiira mkati, maungu, papaya ndi mango zili ndi beta-carotene, antioxidant yemwe amazipatsa mtundu wachikasu kapena wa lalanje. Bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya ndi kholowa zili ndi beta-carotene yemweyo pamodzi ndi vitamini C. Magwafa, malambe, mandimu ndi malalanje ndi gwero lalikulu la vitamini C. Gwafa limodzi lakupsa bwino limakwanira vitamini C wofunika kwa munthu wamkulu pa tsiku, koma dziwani kuti thupi silisunga wambiri, choncho chipatso chiyenera kukhala cha tsiku ndi tsiku.

Gawo lachitatu ndi la pamoto, ndipo ndi pano pamene chakudya chabwino chimataya mphamvu zake ambiri a ife tisakudziwa. Tsukani masamba musanawadule, chifukwa vitamini C amasungunuka m'madzi, ndipo masamba odulidwa kale akatsukidwa amamutayira m'beseni. Mukadula, phikani nthawi yomweyo osawasiya pa lichero mpaka madzulo. Thirani madzi ochepa, adikireni awire musanaikemo masambawo, vundikirani poto, ndipo phulani ndiwo zikangofewa zidakali zobiriwira. Msuzi wake musautaye.

Nkhani ya soda ndi chidulo ndiyo yovuta, chifukwa therere lophikidwa ndi soda ndilo ambiri tinakula nalo, ndipo kukoma kwake palibe angakukane. Komabe soda amawononga vitamini C ndi vitamini B1, kotero ndibwino kumusiyiratu pophika nkhwani, mpiru ndi masamba ena omwe amafewa okha akasadzulidwa bwino ndi kudulidwa mopyapyala. Ngati therere lanu simungalidye popanda soda, chepetsani mlingo, ndipo tsiku limenelo pakhale chipatso pambali. Chigwada chokha chisafupikitsidwe nthawi yophika: masamba a chinangwa ali ndi poizoni yemwe amachoka pokhapokha akasinjidwa ndi kuwiritsidwa mokwanira.

Kutendera ndiwo n'kwanzeru kuposa momwe ambiri amaganizira. Beta-carotene salowa bwino m'thupi popanda mafuta, ndiye nsinjiro zimathandiza kuti alowe, uku zikubweretsanso vitamini E wawo. Tomato nayenso amapereka lycopene (antioxidant yemwe amamufiiritsa) wochuluka akakazingidwa m'mafuta pang'ono kusiyana ndi akadyedwa wosaphika. Sinjani nsinjiro zokwanira masiku ochepa okha, kuchokera ku mtedza wosankhidwa bwino wopanda chuku.

Pofutsa masamba, awiritseni kwa mphindi zochepa, kenaka muwayanike pamthunzi podutsa mphepo, chifukwa dzuwa lamphamvu limapha beta-carotene wambiri. Mfutso ukauma usungidwe pouma ndi pamdima.

Chachinayi, chepetsani zomwe zimachulukitsa ma free radical. Utsi wa fodya umawabweretsa ochuluka zedi, moti akatswiri a ku America amalangiza osuta kuti aziwonjezera mamiligalamu 35 a vitamini C pa tsiku. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera umavulaza mapapo a amayi ndi ana obereka kumbuyo, choncho gwiritsani ntchito nkhuni zouma, chitetezo mbaula, ndiponso malo otuluka utsi. Mafuta okazingira omwe abwerezedwa pa chiwaya mpaka kuda amakhala atawonongeka monga nsinjiro zija, ndipo sayenera kupitirira kugwiritsidwa ntchito.

Pomaliza, musathamangire mapilisi ogulitsidwa ndi lonjezo lotsuka thupi. Ma free radical ena ndi ofunika, popeza maselo oyera a m'magazi amawagwiritsa ntchito popha tizilombo toyambitsa matenda, ndipo antioxidant wochuluka mopitirira angathe kuvulaza. Ku Finland, kafukufuku wa amuna osuta fodya oposa 29,000, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 1994, anapeza kuti omwe ankamwa mapilisi a beta-carotene anadwala khansa ya m'mapapo kwambiri kuposa anzawo ndi 18 peresenti, ndipo kafukufuku wina ku America anaimitsidwa msanga mu 1996 atapeza zofanana. Vuto lotere silinapezeke mwa anthu odya maungu ndi masamba. Izi sizikukhudza mankhwala operekedwa kuchipatala pa chifukwa chodziwika: vitamini A yemwe ana amalandira kusikelo ndi mapilisi owonjezera magazi a amayi oyembekezera apitirire kumwedwa monga momwe azaumoyo alangizira.