Momwe mungaonetsere tebulo lalikulu la database pa foni popanda kuthera anthu mamega

Pulogalamu imadziwika mphamvu zake nyengo yogula mbewu ikafika. Miyezi yonse ya dzinja tebulo la malonda limakhala ndi mizere yochepa, tsamba limatseguka bwinobwino. Soya ndi kachewere zikayamba kufika pa sikelo, mizere ija imachuluka tsiku ndi tsiku, ndipo mlembi wa gulu la alimi amene ali ku Dómuè kapena ku Tsangano, ndi foni yake yaing'ono komanso netiweki yobwera ndi kupita, amangoona tsamba loyera likuzungulira. Ineyo ndinazionapo ndi tsamba limene ndinalembera gulu lina kufupi ndi Ulongwe. Linkakoka tebulo lonse nthawi imodzi, ndipo mayi amene ankalemba makilo anabwerera ku kope ndi cholembera pamene alimi anali pa mzere padzuwa. Zinandiwawa, chifukwa foni yawo inalibe vuto. Vuto linali mmene ndinkaitanira mizereyo.

Zitsanzo zanga ndi za SQLite, pulogalamu ya database imene D. Richard Hipp anayamba kulemba m'chaka cha 2000 ndipo imapezeka m'foni iliyonse ya Android. Zambiri zikugwiranso pa PostgreSQL, pulogalamu ina ya database. Tebulo lathu tilitche malonda.

Choyamba, lionani nokha tebulolo

Musanalembe tsamba, tsegulani sqlite3 ndipo lembani .schema malonda kuti muone madanga ake. Kenako .mode box, lamulo limene linabwera ndi SQLite 3.33 m'chaka cha 2020, limakujambulirani tebulo m'mabokosi owerengeka. Mu psql ya PostgreSQL, \x imaimika mzere umodzi chotsika ngati madanga achuluka. Amene sakonda kulemba malamulo atha kutsegula DB Browser for SQLite. Apa ndi pamene mumagwira madeti olembedwa mosiyanasiyana. Asungeni onse ngati 2024-05-17, chaka patsogolo, kuti azisanjika okha. Ndalama zisungeni m'masentavo ngati nambala yathunthu: 1.250 meticais ndi masentavo 50 ikhale 125050.

Chachiwiri, musaitane madanga onse

SELECT * isiyeni. Mlembi akufuna deti, dzina la mlimi, mbewu, makilo ndi ndalama, basi. Nambala ya chitupa, nambala ya foni ndi zina zoterozo zizibwera pokhapokha munthu wadina mzere umodzi. Mamega amapulumuka, komanso zinsinsi za alimi sizionekera kwa aliyense wosuzumira pa skirini.

Chachitatu, gawani masamba, koma osati ndi OFFSET

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ambirife tinaphunzira kulemba LIMIT 30 OFFSET 60, ndipo pa masamba oyambirira zimayenda. Koma OFFSET sidumpha mizere ngati mmene timaganizira. Mukalemba OFFSET 30000, database imayenda mizere 30.000 yonseyo, nkuitaya, kenako nkukupatsani 30 yotsatira. Zili ngati munthu wofuna thumba la kumapeto kwa nyumba yosungira mbewu, koma ulendo uliwonse amayamba kuwerenga matumba kuchokera pakhomo.

Palinso vuto lina loipa kuposa kuchedwa. Pamene mlembi akuwerenga tsamba loyamba, mnzake pa sikelo walowetsa malonda atatu atsopano. Mizere yonse yasunthira pansi, ndipo akapita tsamba lachiwiri aonanso mizere itatu imene waiona kale. Pa nkhani ya ndalama za anthu, mzere wooneka kawiri umayambitsa mkangano.

Njira yabwino ndi kukumbukira pamene mwalekezera. Tsamba loyamba:

SELECT id, tsiku, mlimi_id, mbewu, makilo FROM malonda ORDER BY tsiku DESC, id DESC LIMIT 30;

Sungani tsiku ndi id (nambala ya mzere) za mzere womaliza. Munthu akadina kuti aone zotsatira, tumizani ziwirizo m'malo mwa zizindikiro ziwiri za ?:

SELECT id, tsiku, mlimi_id, mbewu, makilo FROM malonda WHERE (tsiku, id) < (?, ?) ORDER BY tsiku DESC, id DESC LIMIT 30;

Kuyerekeza madanga awiri limodzi chotere SQLite imakulola kuyambira 3.15 ya 2016. Id musaiiwale. Tsiku limodzi la msika likhoza kukhala ndi malonda mazana, ndipo mukasanja ndi deti lokha, database ilibe chodziwira kuti mwa mizere ya tsikulo mwaona iti, choncho ina idzasowa osaoneka konse.

Njirayi ili ndi chotaya chake: simungadumphe kupita tsamba la 47. Ine ndinaona kuti palibe amene amafunadi tsamba la 47. Munthu amafuna malonda a mwezi wa Juni, kapena a mudzi wakutiwakuti. Mpatseni posankha mwezi ndi mudzi, nkhani yatha. Kanzeru kena: itanani mizere 31 nkuonetsa 30. Wa 31 ukabwera, mwadziwa kuti kutsogolo kulinso zina, popanda kuwerenga tebulo lonse.

Chachinayi, ikani index ndipo muifunse database ngati ikuigwiritsa ntchito

CREATE INDEX malonda_tsiku ON malonda(tsiku, id);

Index ndi mndandanda wosanjidwa kale umene umathandiza database kupeza mizere msanga. Musakhulupirire kuti zatheka chifukwa choti mwalemba. Ikani EXPLAIN QUERY PLAN patsogolo pa funso lanu lachiwiri lija. Mukaona SEARCH ndi dzina la index yanu, zili bwino. Mukaona SCAN malonda yokha, ikuyenda tebulo lonse. Mukaona USE TEMP B-TREE FOR ORDER BY, ikusanja mizere payokha ulendo uliwonse. Ngati nthawi zambiri mumasefa ndi mudzi kenako nkusanja ndi deti, index iyambe ndi mudzi, deti litsatire. Osaika index pa danga lililonse, poti iliyonse imachedwetsako kulowetsa malonda atsopano.

Chachisanu, kusaka mayina, vuto lathu lenileni kuno ku Tete

Mabuku ambiri ophunzitsa zimenezi sadziwa kuti dzina limodzi kuno limalembedwa pawiri. Ife timati Ulongwe, zikalata zimati Ulónguè. Zobwe ndi Zóbuè. Mfunda wa Mwale pa B.I., chitupa chathu, umapezeka utalembedwa Muale, ndipo k wathu amasanduka c. Mlembi akalemba mmene amatchulira, kompyuta nkuyankha kuti munthuyo palibe, mlimi amalembedwanso kachiwiri, mbiri ya malonda ake nkugawika pakati.

LIKE '%mwale%' sithandiza pano, komanso chizindikiro cha % chikakhala kutsogolo index imagona. Onjezaninso kuti LIKE ndi NOCASE za SQLite zimafananitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono pa zilembo 26 za A mpaka Z zokha. Kwa izo, Ó ndi ó ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Gwiritsani ntchito FTS5, chida chosakira mawu chimene chimabwera ndi SQLite:

CREATE VIRTUAL TABLE alimi_saka USING fts5(dzina, mudzi, tokenize = 'unicode61 remove_diacritics 2');

Timizere ta pamwamba pa zilembo timachotsedwa posaka, ndiye wolemba angonia apeza Angónia. MATCH 'ulong*' ibweretsa Ulongwe ndi Ulónguè yemwe. Pa PostgreSQL ntchito yochotsa timizereti imagwiridwa ndi unaccent.

Za Mwale ndi Muale zimafuna dzanja lanu. Pangani danga lina la dzina losakira, mmene pulogalamu isintha mua kukhala mwa, ca kukhala ka, ph kukhala p, ndipo zimene munthu walemba posaka zidutse m'malamulo omwewo. Koma pa skirini pazioneka dzina monga lilili pa B.I., osasintha ngakhale chilembo chimodzi, chifukwa ndi limene munthu adzalandirire ndalama. Midzi ndi maboma zikhale ndi tebulo laolao lokhala ndi manambala, mlembi azisankha pa mndandanda m'malo molemba. Ndipo musatumize funso pa chilembo chilichonse chimene munthu wadina. Dikirani kachigawo ka sekondi atasiya kulemba.

Chachisanu ndi chimodzi, kusanja podina mutu wa danga

Anthu amakonda kudina pa makilo kuti aone wogulitsa zambiri. Chenjerani apa. Chizindikiro cha ? chimalandira nambala ndi mawu, koma sichilandira dzina la danga. Ena zikawakanika amangomata mu ORDER BY mawu ochokera pa tsamba, ndipo apo atsegulira mbava khomo lolowera mu database. Lembani mu pulogalamu mndandanda wa madanga ololedwa, atatu kapena anayi, china chilichonse chikanidwe. Mukasintha danga losanjira, WHERE ya tsamba lotsatira isinthenso, ikhale makilo ndi id.

Chomaliza, maonekedwe

Manambala akhale kumanja, mayina kumanzere. Mu CSS, font-variant-numeric: tabular-nums imaimika manambala mowongoka, ndipo position: sticky ndi top: 0 pa mitu ya madanga zimapangitsa kuti mituyo isathawe munthu akamatsika. Foni ikachepa, madanga asanu sakwana. Kuli bwino mzere uliwonse ukhale ngati kakhadi, dzina pamwamba, makilo ndi ndalama pansi, kusiyana ndi kumukankhitsa munthu chala uku ndi uku. Ndalama zionetseni mmene timalembera kuno, masentavo atasiyanitsidwa ndi koma. Intl.NumberFormat ya pt-MZ imachita zimenezi.

Chiwerengero chonse cha pansi chisakhale cha mizere 30 imene ikuoneka. Funsani padera SUM(makilo) ndi COUNT(*) pa mwezi ndi mudzi zimene munthu wasankha, ndipo lembani pambali pake kuti ndi za mwezi uti. Msungichuma akafuna zonse mu Excel, mpatseni batani la CSV. Excel ya Chipwitikizi imayembekezera chizindikiro cha ; pakati pa madanga, ndipo fayiloyo iyambe ndi BOM ya UTF-8, kachizindikiro kouza Excel mtundu wa zilembo, kuti Angónia asatuluke ndi zilembo zachilendo.

Musanapereke ntchitoyo, dzazani tebulo loyeserera ndi mizere 100.000 yabodza, chepetsani liwiro la intaneti mu DevTools ya Chrome, muone ngati tsamba la kumapeto likutseguka msanga ngati loyamba. Kenako tengani foni ya mlembi weniweniyo, osati yanu, mupite nayo pamene pali sikelo, ndipo muwapemphe asake okha mayina asanu a alimi amene amawadziwa.