Munda watha? Dzalani ndiwo m'thumba

Abale anga, pitani ku Machinjiri kaya Chileka kaya Mpemba muone, malo omwe makolo ankakolola chimanga pano ndi mapuloti okhaokha, njerwa paliponse, ndiye nzosadabwitsa kuti kampukutu ka mpiru pa msika wa Limbe kakucheperachepera. Zimandiwawa. Koma ngakhale muli pa lendi ku Ndirande ndiwo mutha kulima ndithu.

Pezani thumba lakale la feteleza la 50kg lija. Sakanizani dothi ndi manyowa a nkhuku owolerana bwino, aawisi ayi chonde amawotcha mbewu. Pothira m'thumbamo ikani pakati chitini chobooka pamwamba ndi pansi pomwe, muzidzadza timiyala m'chitinimo nkumachikweza pang'onopang'ono mpaka pamwamba, timiyalato ndi njira ya madzi kuti afike pansi, apo bii zam'munsi zimafota zam'mwamba zili bwinobwino.

Kenako boolani timabowo m'mbali motalikirana ngati chikhatho, lowetsani mbande za repu, chainizi kapena mpiru madzulo dzuwa litapepa. Pamwamba anyezi wamasamba amachita bwino heve.

Madzi musadandaule za bilu, otsukira mpunga ndi ndiwo akwana, koma a sopo wochapira asafikepo. Thumba likhale poti dzuwa limawomba theka la tsiku, ndipo tchingani nkhuku za aneba.

Nsabwe zikagwa sinjani tsabola, viikani m'madzi usiku wonse, sefani nkuwaza kunsi kwa masamba. Pothyola muziyamba masamba am'munsi, nsonga isiyeni izipitiriza kuphuka.