Thanki ya nsomba za m'nyanja ya mchere: mwezi woyamba ikhale yopanda nsomba

Ambiri amene amandifunsa nkhaniyi ndi anthu oti anasungapo kale mbuna m'thanki yagalasi pabalaza, ndipo zinawayendera. Akaona pafoni kansomba ka mtundu wa lalanje ka mizere yoyera kaja, kotchedwa clownfish, nawonso amayamba kukalakalaka. Palibe choletsa. Koma kuno ku Lilongwe nyanja ya mchere ili kutali, kuseri kwa Mozambique, ndiye madzi muchita kupanga nokha, ndipo mchere, miyala ndi nsomba zomwe, zambiri mwa izi muchita kuitanitsa kunja. Mukalakwitsa, ndalama zimene zimalowa m'madzi si zochepa.

Ndinafikapo pakhomo pa bambo wina ku Area 25 amene anadzaza thanki Lachisanu, Lamulungu n'kuikamo nsomba ziwiri. Pofika Lachinayi zinali zikupumira pamwamba, makha akugunda mofulumira, ndipo sabata isanathe zonse zinafa. Madzi anali oyera mbee. Iwo ankaganiza kuti anawagulitsa nsomba zodwala. Titayeza madziwo tinapeza kuti munadzaza amoniya.

Nkhani yake ili chonchi. Nsomba ikamapuma ndi kuchita chimbudzi imatulutsa amoniya, ndipo chakudya chotsala chikamaola chimatulutsanso yemweyo. Ameneyu ndi poizoni, ndipo m'madzi a mchere, momwe pH (muyeso woonetsa ngati madzi ali ndi asidi wambiri kapena ayi) imakhala pakati pa 8.1 ndi 8.4, amaluma kwambiri kuposa m'madzi wamba. M'thanki yokhwima muli mabakiteriya amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, ndi ena amene amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene alibe ukali wambiri ndipo amachepa mukamasintha madzi. Mabakiteriyawa amakhala pamiyala, pamchenga ndi m'sefa, ndipo amaswana pang'onopang'ono. Mlimi aliyense amadziwa kuti manyowa osapsa amawotcha mbewu. Thanki yatsopano ndi mulu wa manyowa umene mwangouunjika kumene, ndipo imafuna masabata 4 mpaka 6 kuti ipse. Ziweto zanu zoyamba ndi mabakiteriya, nsomba zibwera pambuyo.

Tiyambe ndi thanki. Woyamba kumene amathamangira kathanki kakang'ono poganiza kuti n'kosavuta, pamene kameneko ndiye kovutitsitsa, chifukwa madzi ochepa amatentha msanga, amazizira msanga, ndipo mchere wake umakwera msanga. Ine ndimalangiza malita 100 kupita m'tsogolo. Thanki yotere ikadzaza, kuphatikiza miyala, imapitirira makilogalamu 120, ndiye katebulo ka TV sikangakwanitse. Ikani pamalo olimba ndi osapendekeka, kutali ndi zenera lolowa dzuwa, kutalinso ndi utsi wa mbaula. Chipinda chimenecho musamapoperemo mankhwala a udzudzu.

Mchere wa pa msika wa Lizulu kapena wa m'kitchini usayandikire n'komwe. Umene ukufunika ndi wopangidwira ntchito imeneyi, monga wa Instant Ocean kapena Red Sea, umene uli ndi calcium, magnesium ndi zina zopezeka m'madzi a m'nyanja. Madzi a m'nyanja ya mchere amakhala ndi mchere wokwana magalamu 35 pa lita imodzi, ndiye chigubu cha malita 20 chimadya magalamu 700 kapena kuposerapo pang'ono. Musadalire sikelo yokha. Gulani kachipangizo kotchedwa refractometer, kamene mumadonthezapo madzi n'kuyang'anira kowala, ndipo kaziwerenga 1.025 kapena 1.026. Sungunulirani mchere m'ndowa yatsopano imene sinaonepo sopo, muthire mchere m'madzi osati madzi pamchere, ndipo pampu iwatakase usiku wonse.

Madzi enieniwo ndiye pali nkhani. A pampopi amathiridwa klorini, amene amapha mabakiteriya omwe mukufuna kuweta aja. A pamjigo alibe klorini, koma amatha kukhala ndi chitsulo ndi zina zodyetsa ndere. Abwino ndi osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis), amene amachotsa pafupifupi zonse zosungunuka m'madzi. Ngati mulibe anuanu, funsani kwa ogulitsa madzi akumwa ngati amasefa ndi makina otere, ndipo muwayeze ndi kamita ka TDS, koyeza kuchuluka kwa zosungunuka m'madzi. Kakaonetsa nambala yoyandikira 0, madziwo ndi abwino.

Miyala ya ku Senga Bay isiyireni mbuna. M'thanki ya mchere mumafunika miyala yopepuka, ya timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi, pamodzi ndi mchenga wa aragonite, zimene zimapatsa mabakiteriya malo okhala ndi kuthandiza kuti pH isagwe. Kuno yosavuta kufika nayo ndi youma, popeza miyala yamoyo yochokera m'nyanja, yokhala kale ndi mabakiteriya ndi tamoyo tina, imafera m'njira ulendo ukatalika. Ndipo musatume mnzanu wopita ku Beira kapena Nacala kuti akakutolereni pagombe makorali, zonga miyala zomangidwa ndi tizilombo ta m'nyanja. Makorali olimba ndi otetezedwa pansi pa CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ndipo angakukwatulireni pachipata cha dziko.

Mukaika miyala, mchenga ndi madzi, yatsani pampu ndi hita, madzi akhale pa madigiri 25 kapena 26, koma nyali zikhale zozima. Tsopano mabakiteriya apatseni chakudya. Njira yaukhondo ndi kuthira madontho a ammonium chloride mpaka choyezera amoniya chionetse 2 ppm (mamiligalamu awiri pa lita). Amoniya wotsukira m'nyumba ayi, chifukwa nthawi zambiri amakhala wosakaniza ndi sopo ndi zonunkhiritsa. Ngati simunawapeze madonthowo, mangani kanthuli ka nsomba yaiwisi, kofanana ndi nsonga ya chala, m'kansalu ka neti ndi kukaponya m'madzi kuti kaole. Fungo lidzakhalapo masiku angapo, ndiye a m'nyumba muwachenjezeretu. Mabakiteriya a m'botolo, ngati muwapeza asanathe mphamvu, amafupikitsa nthawi, koma salowa m'malo mwa kuyeza.

Khalani ndi kope, ngati la kumunda lija. Pakatha masiku awiri kapena atatu alionse yezani amoniya, nitrite ndi nitrate, n'kulemba tsiku ndi nambala. Sabata yoyamba amoniya amakhala pamwamba, ngati palibe chikuchitika. Kenaka amayamba kutsika, nitrite n'kukwera. Apa m'pamene ambiri amatopera, chifukwa nitrite amatha kukakamira masabata awiri osasuntha, kabotolo koyezera kakungoonetsa mtundu womwewo tsiku ndi tsiku. Musasinthe madzi, musatsuke miyala kapena sefa. Tsiku lina mudzangoona nitrite wagwa, nitrate wakwera. Pamenepo thiraninso amoniya kufika 2 ppm. Ngati pakutha pa maola 24 amoniya ndi nitrite onse abwerera pa 0, thanki yapsa. Sinthani gawo lalikulu la madzi, ngakhale theka, kuti nitrate atsike.

Za magetsi ndiye tisabisane. Mabakiteriyawa amapuma mpweya ngati ife, ndipo pampu ikaima maola ambiri amayamba kufa, ntchito ya mwezi wathunthu n'kubwerera m'mbuyo. Musanagule nsomba ngakhale imodzi, gulani kapampu ka mpweya koyendera mabatire, ndipo ngati pakhomo pali sola kapena inverter, pampu ya thanki ikhale yoyamba kulumikizidwa. Mu Juni ndi Julayi, pamene usiku wa ku Lilongwe umatsika kufika pa madigiri 10 kapena kucheperapo, magetsi akazima fundikani thanki ndi bulangeti. Mu Okutobala vuto limatembenuka: chotsani chivundikiro, fani iziwomba pamwamba pa madzi, ndipo kukanyanya yandamitsani botolo lotseka la madzi oundana.

Fani ikamawomba, madzi amaphwera msanga, koma mchere suuluka nawo. Lembani kamzere pagalasi, ndipo tsiku lililonse bwezerani ophwerawo ndi madzi osefedwa opanda mchere. Mukawonjezera a mchere, mchere udzangokwererakwerera.

Mukayatsa nyali, mchenga ndi galasi zidzachita zofiirira ngati zagwera fumbi la m'chilimwe. Ndi ndere zazing'ono zotchedwa diatom, ndipo zimatha zokha pakapita masabata angapo.

Tsopano nsomba. Kulowetsa nsomba zamoyo m'dziko muno kumafuna chilolezo, ndiye yambani mwafika ku Dipatimenti ya Zausodzi, kapena mugule kwa amene ali nacho kale. Yambani ndi clownfish ziwiri zoswedwera m'thanki, osati zogwidwa m'nyanja, chifukwa zimapirira ndipo zinazolowera chakudya cha m'paketi. Nsomba zabuluu zotchedwa tang zimafuna thanki yaikulu kuposa malita 100 anuwa, ndiye zisiyeni kaye. Zikafika, yandamitsani thumba lake m'thanki mphindi 15 kuti kutentha kufanane, kenaka muziwonjezeramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono kwa theka la ola, n'kuzitola ndi kaneti. Madzi a m'thumba atayeni panja. Zidyetseni zochepa, zimene zingathe m'mphindi imodzi, yezani amoniya tsiku lililonse sabata yoyambayo, ndipo papite masabata awiri kapena atatu musanawonjezere nsomba ina.